cuDNN

cuDNN ndi laibulale ya mapulogalamu a kompyuta yomwe imafulumizitsa masamu a mamodelo a deep learning pa zipangizo za GPU. Inapangidwa ndi kampani ya NVIDIA, yomwe likulu lake lili ku Santa Clara m'chigawo cha California ku America, ndipo inatulutsidwa koyamba mu 2014. Dzina lake ndi chidule cha mawu a Chingelezi akuti CUDA Deep Neural Network library. Mawu akuti laibulale pano sakutanthauza nyumba yosungiramo mabuku ayi, koma mtolo wa timapulogalamu tokonzedwa kale tomwe mapulogalamu ena amatiitana kuti tiwagwirire ntchito inayake.

Anthu ambiri amene amagwiritsa ntchito cuDNN saiona ndi maso. Iwo amalemba mamodelo awo mu PyTorch, TensorFlow kapena JAX, ndipo mapulogalamu amenewa ndi amene amatumiza masamu olemera ku cuDNN. Komabe kudziwa mmene laibulaleyi imagwirira ntchito n'kothandiza, chifukwa mavuto ambiri amene oyamba kumene amakumana nawo, monga pulogalamu kukana kuona GPU, memore kudzaza, kapena zotsatira kusintha popanda chifukwa chooneka, amachokera pa mgwirizano wa cuDNN ndi mapulogalamu ena oizungulira.

Vuto lomwe cuDNN inabwera kudzathetsa

Deep learning ndi njira yophunzitsira kompyuta kuzindikira zinthu, monga nkhope, mawu olankhulidwa kapena ziganizo, poionetsa zitsanzo zambirimbiri. Modelo imapangidwa ndi misanjiko yotsatizana. Msanjiko uliwonse umalandira manambala, kuwachulukitsa ndi manambala ena omwe modelo yaphunzira, kuwonkhetsa zotsatira, kenako kuzipereka ku msanjiko wotsatira. Masamu ake ndi osavuta, koma amabwerezedwa kochuluka kwambiri.

Chitsanzo chodziwika ndi msanjiko woyamba wa modelo ya VGG-16, yomwe inapangidwa ku yunivesite ya Oxford mu 2014. Msanjikowu umalandira chithunzi cha madontho 224 mulitali ndi 224 mulifupi, chokhala ndi mitundu 3, yomwe ndi wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Chithunzicho chimapimidwa ndi masefa 64, ndipo sefa iliyonse imayang'ana kabokosi ka madontho 3 kwa 3 pa mitundu yonse 3, kutanthauza manambala 27. Popeza chithunzicho chili ndi madontho 50,176, msanjiko umodzi wokhawu umafuna kuchulukitsa manambala maulendo 86,704,128. Modelo yonse imafuna maulendo opitirira mabiliyoni 15 pa chithunzi chimodzi, ndipo pophunzitsa modelo zithunzi zoposa miliyoni imodzi zimadutsamo mobwerezabwereza.

Purosesa wamba ya kompyuta, yotchedwa CPU, ili ndi mbali zochepa zowerengera, ngakhale kuti iliyonse ndi yamphamvu. GPU ili ndi timbali tambirimbiri tomwe timachita samu imodzimodzi pa manambala osiyanasiyana nthawi imodzi. Mwachitsanzo, GPU ya V100 ili ndi timbali totere 5,120. Vuto ndi lakuti kulemba pulogalamu yomwe imagwiritsa ntchito timbali tonseti popanda kena kukhala chabe n'kovuta, ndipo pulogalamu yokonzedwa bwino pa GPU ya chaka chino ikhoza kusayenda bwino pa GPU yotuluka zaka ziwiri zikubwerazi. cuDNN imachotsa mtolo umenewu kwa ofufuza: akatswiri a NVIDIA amakonza masamuwo kamodzi pa m'badwo uliwonse wa GPU, ndipo mapulogalamu onse oitana laibulaleyi amapindula nawo.

Mbiri

Kampani ya NVIDIA inakhazikitsidwa mu 1993 ndi Jensen Huang, Chris Malachowsky ndi Curtis Priem, ndipo poyamba inkapanga zipangizo zojambulira zithunzi za masewera a pakompyuta. Mu 2007 inatulutsa CUDA, ndondomeko yomwe inalola anthu kulemba mapulogalamu a masamu wamba pa GPU m'chilankhulo chofanana ndi C.

Mu 2012 Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a ku yunivesite ya Toronto anapambana mpikisano wozindikira zithunzi wa ImageNet ndi modelo yomwe pambuyo pake inadziwika kuti AlexNet. Modeloyi inaphunzitsidwa pa makadi awiri a GTX 580, ndipo inalakwitsa pa zithunzi 15.3 pa 100 zilizonse, pamene amene anakhala achiwiri analakwitsa pa 26.2. Krizhevsky anadzilembera yekha timapulogalamu ta GPU, tomwe anatitulutsa pansi pa dzina la cuda-convnet. Magulu ena ofufuza, monga amene ankapanga Caffe, Torch ndi Theano, nawonso ankalemba tawotawo, motero ntchito imodzi inkagwiridwa kangapo m'malo osiyanasiyana.

cuDNN inayamba ndi ntchito ya Bryan Catanzaro, wofufuza wa ku NVIDIA. Pepala lofotokoza laibulaleyi linatuluka mu 2014, ndipo olemba ake anali Sharan Chetlur, Cliff Woolley, Philippe Vandermersch, Jonathan Cohen, John Tran, Catanzaro ndi Evan Shelhamer wa ku yunivesite ya California ku Berkeley. Iwo anasonyeza kuti kulumikiza cuDNN ndi Caffe kunawonjezera liwiro ndi 36 peresenti pa modelo yoyesera, komanso kunachepetsa memore yofunika. Ganizo lawo linali lakuti deep learning ikhale ndi laibulale ya masamu oyambira ngati mmene BLAS inakhalira kwa zaka zambiri pa masamu a matebulo a manambala.

Mavesheni otsatira anawonjezera zinthu mogwirizana ndi mamodelo amene ankatchuka pa nthawiyo. Vesheni 5 ya mu 2016 inabweretsa manetiweki owerenga zinthu zotsatizana, monga LSTM, komanso njira ya Winograd. Vesheni 7 ya mu 2017 inayamba kugwiritsa ntchito ma Tensor Core, mbali zapadera zochulukitsira matebulo a manambala zomwe zinabwera ndi ma GPU a Volta. Vesheni 8 ya mu 2020 inabweretsa njira yatsopano yofotokozera masamu ngati girafu, ndipo inagawa laibulaleyi m'mafayilo angapo. Vesheni 9 inatuluka mu 2024, ndipo chidwi chake chachikulu chili pa masamu a attention omwe ndi mtima wa mamodelo a Transformer.

Ntchito zomwe imagwira

cuDNN siphunzitsa modelo yonse payokha. Siwerenga mafayilo a zithunzi, sisankha mmene modelo ikhalire, ndipo sisunga zotsatira. Imangopereka masamu oyambira, ndipo aakulu mwa iwo ndi awa:

- Convolution, komwe ndi kuyendetsa sefa pa chithunzi chonse, kachigawo ndi kachigawo, ngati mmene zafotokozedwera pamwambapa.
- Pooling, komwe ndi kuchepetsa kukula kwa chithunzi potenga nambala yaikulu kapena yapakatikati pa kabokosi kalikonse.
- Normalization, komwe ndi kulinganiza manambala kuti asakule kapena kuchepa mopitirira muyezo pamene akudutsa m'misanjiko.
- Masamu osefa zotsatira za msanjiko, monga ReLU, sigmoid ndi tanh. ReLU imasandutsa nambala iliyonse yochepera 0 kukhala 0, ndipo ina yonse imaisiya mmene ilili.
- Softmax, yomwe imasandutsa manambala kukhala magawo omwe akawonkhetsedwa amakwana 1.
- Manetiweki a RNN, LSTM ndi GRU.
- Attention ndi kuchulukitsa matebulo a manambala.

Pa ambiri mwa masamuwa, laibulaleyi ili ndi njira yopita kutsogolo, yomwe imapereka yankho la modelo, ndi njira yobwerera m'mbuyo, yomwe imawerengera mmene nambala iliyonse ya modelo iyenera kusinthira kuti kulakwitsa kuchepe. Njira yobwerera m'mbuyoyi imafunika pophunzitsa pokha.

Manambala amasungidwa m'magulu otchedwa tensor. Tensor ya zithunzi imakhala ndi miyezo inayi: N ndi kuchuluka kwa zithunzi zopimidwa nthawi imodzi, C ndi kuchuluka kwa mitundu kapena njira, H ndi kutalika, ndipo W ndi kufupika. Manambalawa akhoza kundandalikidwa mu memore m'dongosolo la NCHW kapena la NHWC. Yankho la samu silisintha, koma liwiro limasintha, chifukwa GPU imawerenga msanga manambala omwe ali moyandikana.

Mmene imapezera liwiro

Njira yoyamba ndi kusankha kachitidwe koyenera ka samu. Convolution ikhoza kuwerengedwa m'njira zingapo zomwe zonse zimafika pa yankho limodzi. Njira yakale inali kukopera tizigawo tonse ta chithunzi m'tebulo limodzi lalikulu, kenako kulichulukitsa ndi tebulo la masefa. Izi zimadya memore, chifukwa pa sefa ya 3 kwa 3 dontho lililonse limakopedwa mpaka maulendo 9. cuDNN inayamba ndi njira yomwe simanga tebulo lalikululo mu memore yaikulu, koma imatenga tizidutswa take pang'onopang'ono pa nthawi yomwe tikufunika. Njira ina imagwiritsa ntchito masamu a FFT, omwe amathandiza masefa akakhala aakulu. Njira ya Winograd, yotchedwa ndi dzina la katswiri wa masamu Shmuel Winograd, inasonyezedwa pa manetiweki ndi Andrew Lavin ndi Scott Gray mu 2015. Pa sefa ya 3 kwa 3, imapeza zotsatira 4 pochulukitsa maulendo 16 m'malo mwa 36. Palibe njira imodzi yopambana nthawi zonse. Yopambana imadalira kukula kwa tensor, mtundu wa GPU ndi memore yomwe ilipo, choncho laibulaleyi imatha kusankha mongoyerekeza kapena kuyesa njira zonse n'kutenga yachangu.

Njira yachiwiri ndi kulumikiza masamu otsatizana. Nthawi zambiri chomwe chimachedwetsa GPU si kuwerengera kwenikweniko, koma kunyamula manambala kuchoka mu memore ndi kuwabwezerako. Pa chitsanzo cha VGG-16 chija, zithunzi 32 zikadutsa msanjiko woyamba zimatulutsa manambala 102,760,448, omwe amatenga pafupifupi ma megabyte 411 ngati nambala iliyonse ili ndi ma byte 4. Ngati convolution, kuwonjezera nambala ya bias ndi ReLU zichitidwa paderapadera, mulu wonsewu umalembedwa katatu ndi kuwerengedwanso kawiri. Zikalumikizidwa kukhala kapulogalamu kamodzi, umalembedwa kamodzi kokha. Ganizo lomweli ndi lomwe lili pansi pa FlashAttention, njira yomwe Tri Dao ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anaifalitsa mu 2022, ndipo mavesheni atsopano a cuDNN ali ndi attention yolumikizidwa motere.

Njira yachitatu ndi kugwiritsa ntchito manambala aafupi. Nambala ya FP32 imatenga ma bit 32, pamene ya FP16 ndi ya BF16 imatenga 16. Theka la kukula limatanthauza theka la memore ndi theka la katundu wonyamula, komanso ma Tensor Core amachulukitsa manambala aafupi mofulumira kwambiri. Ma GPU a Ampere a mu 2020 anabweretsa TF32, ndipo a Hopper a mu 2022 anabweretsa FP8 ya ma bit 8. Phindu limeneli lili ndi mtengo wake. FP16 singasunge nambala yoposa 65,504, ndipo manambala aang'ono kwambiri amasanduka 0. Ichi n'chifukwa chake pophunzitsa modelo anthu amasakaniza mitundu: kuchulukitsa kumachitika ndi manambala aafupi, koma kuwonkhetsa ndi kusunga manambala a modelo kumachitika mu FP32.

Zofunika poyamba

cuDNN imakhala pakati pa mapulogalamu anayi omwe ayenera kugwirizana. Pansi penipeni pali GPU ya NVIDIA ndi driver yake, pulogalamu yomwe imalumikiza GPU ndi Linux kapena Windows. Pamwamba pake pali CUDA, kenako cuDNN, ndipo pamwamba pa zonse pali pulogalamu yolembera mamodelo, monga PyTorch. Vesheni iliyonse ya cuDNN imapangidwira banja linalake la CUDA, mwachitsanzo CUDA 11 kapena CUDA 12, ndipo CUDA iliyonse imafuna driver yosachepera vesheni inayake. NVIDIA imafalitsa tebulo losonyeza mavesheni omwe amayendera limodzi, ndipo kuliwerenga musanaike chilichonse kumapulumutsa nthawi.

Lamulo loyamba lomwe munthu amalemba ndi nvidia-smi. Likayenda bwino limasonyeza dzina la GPU, vesheni ya driver ndi memore yomwe ikugwiritsidwa ntchito. Limasonyezanso nambala ya CUDA, koma nambalayi imasokoneza ambiri: ndi vesheni yapamwamba kwambiri yomwe driver ingathe kuyendetsa, osati yomwe yaikidwa m'kompyutamo. Vesheni ya CUDA Toolkit yomwe yaikidwadi imaoneka ndi lamulo la nvcc --version.

Makompyuta opanda GPU ya NVIDIA sangayendetse cuDNN. Amene alibe chipangizochi amagwiritsa ntchito makompyuta a pa intaneti, monga Google Colab ndi Kaggle, omwe amabwereketsa GPU kwa nthawi yochepa ndipo amakhala ndi CUDA ndi cuDNN zoikidwa kale.

Njira zoikira

Njira yosavuta ndi kuika pulogalamu yolembera mamodelo yomwe imabwera ndi cuDNN yake. PyTorch yopangidwira CUDA ikaikidwa ndi pip kapena conda, imabweretsa yokha mafayilo a CUDA ndi cuDNN ogwirizana nayo, ndipo chomwe chimafunika m'kompyuta ndi driver yokha. Pa Linux, TensorFlow nayonso ili ndi njira yoikira yomwe imakoka mafayilowa kudzera mu pip. Pa Windows, TensorFlow 2.10 inali yomaliza kugwiritsa ntchito GPU mwachindunji, ndipo mavesheni otsatira amafuna WSL2, yomwe imayendetsa Linux mkati mwa Windows.

Njira yachiwiri ndi kuika cuDNN payokha. Ilipo ngati phukusi la Python, mwachitsanzo nvidia-cudnn-cu12 la CUDA 12, komanso ngati phukusi la apt pa Ubuntu ndi Debian kapena la dnf pa Red Hat ndi ena a banja lake. Ilinso ngati fayilo yopanikizidwa yomwe munthu amaitsitsa pa tsamba la NVIDIA n'kukopera mafayilo ake m'mafoda a include ndi lib. Njira iyi ndi yofunika kwa amene akulemba mu C++ kapena akumanga PyTorch kuchokera ku malemba ake oyambira.

Njira yachitatu ndi makontena a Docker omwe NVIDIA imafalitsa, momwe CUDA, cuDNN ndi PyTorch kapena TensorFlow zinaikidwa kale ndi kuyesedwa limodzi. Magulu a anthu ogwira ntchito imodzi amakonda njirayi chifukwa aliyense amakhala ndi mavesheni ofanana.

Kutsimikiza kuti zonse zayenda n'kosavuta. Mu PyTorch, torch.cuda.is_available imanena ngati GPU ikuoneka, ndipo torch.backends.cudnn.version imapereka nambala ya cuDNN yomwe ikugwiritsidwa ntchito. Amene aika laibulaleyi payokha amapeza nambala ya vesheni mu fayilo ya cudnn_version.h, ndipo akhoza kumanga pulogalamu yoyesera ya mnistCUDNN, yomwe imazindikira manambala olembedwa pamanja.

Kugwiritsa ntchito kudzera mu PyTorch

Modelo ndi manambala ake zikasamutsidwira ku GPU, PyTorch imaitana cuDNN popanda kuuzidwa. Pali makonda ochepa omwe wogwiritsa ntchito amasintha. Kuika torch.backends.cudnn.benchmark kukhala True kumachititsa kuti laibulaleyi iyese njira zosiyanasiyana za convolution pa ulendo woyamba, n'kukumbukira yachangu. Izi zimapindulitsa ngati zithunzi zonse ndi zofanana kukula. Ngati kukula kukusinthasintha, kuyesako kumabwerezedwa pa kukula kwatsopano kulikonse, ndipo pulogalamu imachedwa m'malo mofulumira.

Kusandutsa modelo kukhala ya channels_last kumandandalika manambala m'dongosolo la NHWC, lomwe ma Tensor Core amalikonda. Kugwiritsa ntchito torch.autocast kumalola masamu oyenera kuchitika mu FP16 kapena BF16. Zimathandizanso kuti kuchuluka kwa njira mu msanjiko kukhale nambala yogawika ndi 8, monga 64 kapena 128.

Poyeza liwiro pali msampha. GPU imagwira ntchito payokha pamene CPU yapitirira kale ku mzere wotsatira, choncho wotchi ikhoza kuima samu isanathe. Muyezo woona umafuna kuitana torch.cuda.synchronize kaye, komanso kusawerengera maulendo oyambirira, omwe amachedwa chifukwa laibulale ikadali kutsegulidwa ndi kuyesa njira zake.

Kuiitana mwachindunji

Olemba mu C kapena C++ amatsata ndondomeko yokhazikika. Poyamba amapanga handle ndi cudnnCreate, yomwe imagwirizanitsa laibulale ndi GPU. Kenako amapanga zofotokozera, zomwe zimauza laibulale kukula, mtundu wa manambala ndi dongosolo la tensor yolowa, ya masefa ndi yotuluka. Zofotokozerazi sizisunga manambala enieniwo, chifukwa memore ya pa GPU amaipatula ndi wolemba pulogalamu mwini. Pambuyo pake amasankha njira yowerengera, mwachitsanzo ndi cudnnFindConvolutionForwardAlgorithm, n'kufunsa kukula kwa memore yowonjezera yomwe njirayo ikufuna. Akaipatula, amaitana cudnnConvolutionForward. Pomaliza amamasula zonse ndi kutseka ndi cudnnDestroy. Kuitana kulikonse kumabweza nambala yosonyeza ngati zayenda, ndipo pulogalamu yabwino imaona ngati nambalayo ndi CUDNN_STATUS_SUCCESS isanapitirire.

Kuyambira vesheni 8, NVIDIA imalimbikitsa njira ya girafu. Wolemba amafotokoza masamu angapo ndi mmene alumikizirana, ndipo laibulale imafufuza kapulogalamu komwe kangawachite onse pamodzi. Popeza kulemba girafu mwachindunji kumatenga mizere yambiri, pali cuDNN Frontend, mtolo wa C++ ndi Python womwe umafupikitsa ntchitoyi. Malemba ake oyambira ali poyera pa GitHub.

Mavuto omwe amapezeka kawirikawiri

Vuto lofala kwambiri ndi kusagwirizana kwa mavesheni. Pulogalamu yomangidwira cuDNN 8 imafufuza fayilo ya libcudnn.so.8, ndipo ikapeza ya vesheni 9 yokha imakana kuyamba kapena imabwerera ku CPU mwakachetechete. Kubwerera kotereku n'koopsa kuposa kukana, chifukwa ntchito ya ola limodzi ikhoza kutenga tsiku lonse munthu osazindikira chifukwa chake. Zimachitikanso kuti kompyuta imodzi ili ndi ma cuDNN awiri, ina yobwera ndi PyTorch ndi ina yoikidwa padera, ndipo yolakwika ndi yomwe imatsegulidwa. Kupatula malo a Python a ntchito iliyonse kumachepetsa vutoli.

Vuto lachiwiri ndi memore. Mauthenga monga CUDNN_STATUS_NOT_INITIALIZED kapena CUDNN_STATUS_INTERNAL_ERROR nthawi zina amabwera chifukwa GPU yadzaza, ngakhale uthengawo sukunena za memore. TensorFlow imatenga pafupifupi memore yonse ya GPU ikangoyamba, pokhapokha itauzidwa kutenga pang'onopang'ono. Kuchepetsa zithunzi zopimidwa nthawi imodzi, kutseka mapulogalamu ena omwe agwira GPU, kapena kusamukira ku manambala aafupi kumathandiza.

Vuto lachitatu ndi zotsatira zosabwerezeka. Pa kompyuta, kuwonkhetsa manambala okhala ndi tizigawo kumapereka mayankho osiyana pang'ono malinga ndi amene wayamba kuwonkhetsedwa, chifukwa yankho lililonse limadulidwa kuti likwane m'ma bit ake. Njira zina zachangu za cuDNN zimalola timbali ta GPU kuwonkhetsa m'dongosolo lililonse lomwe tamalizira. Kusiyanako ndi kochepa kwambiri, koma pophunzitsa kumakula pang'onopang'ono mpaka mamodelo awiri ophunzitsidwa mofanana amasiyana. Kwa wofufuza amene akufuna kutsimikiza kuti njira yake yatsopano ndi yabwino kuposa yakale, kapena kwa amene akupanga modelo yopima zithunzi za kuchipatala, nkhaniyi ndi yaikulu. Kuika torch.backends.cudnn.deterministic kukhala True ndi kuzimitsa benchmark kumakakamiza njira zobwerezeka, ngakhale liwiro likhoza kutsika. Ngakhale zitatero, zotsatira zofanana ndendende siziyembekezeka pakati pa mitundu yosiyana ya GPU kapena mavesheni osiyana a laibulale.

Chilolezo ndi madandaulo

cuDNN imaperekedwa kwaulere, koma malemba ake oyambira ndi obisika ndipo ndi katundu wa NVIDIA. Munthu sangaone mmene kapulogalamu kena kanalembedwera, sangakonze yekha cholakwika, ndipo sangaisamutsire ku chipangizo cha kampani ina. Popeza mapulogalamu akuluakulu a deep learning anakula atatsamira pa CUDA ndi cuDNN, ambiri amaona laibulaleyi ngati chimodzi mwa zifukwa zomwe NVIDIA inalamulira msika wa zipangizo zophunzitsira mamodelo. Kudalira kampani imodzi kumakhudza mitengo komanso amene angathe kupeza zipangizozo. Mu 2022 boma la America linaletsa kugulitsa ma GPU amphamvu a A100 ndi H100 ku China popanda chilolezo chapadera, zomwe zinalimbikitsa makampani a kumeneko kupanga zipangizo ndi malaibulale awoawo.

Malaibulale ofanana nayo

Kampani ya AMD ili ndi MIOpen, gawo la ROCm, yomwe imagwira ntchito yofanana pa ma GPU ake ndipo malemba ake ali poyera. Intel inayambitsa oneDNN, yomwe kale inkatchedwa MKL-DNN, ndipo PyTorch ndi TensorFlow zimaigwiritsa ntchito pofulumizitsa masamu pa CPU. Apple ili ndi Metal Performance Shaders pa makompyuta ake.

Mkati mwa NVIDIA momwemo, cuBLAS imachulukitsa matebulo a manambala, NCCL imatumiza manambala pakati pa ma GPU ambiri, ndipo TensorRT imatenga modelo yophunzitsidwa kale n'kuikonza kuti iziyankha msanga ikamagwiritsidwa ntchito. Palinso Triton, chilankhulo chomwe OpenAI inatulutsa mu 2021, cholola anthu kulemba timapulogalamu ta GPU m'njira yofanana ndi Python. PyTorch 2.0 ya mu 2023 imagwiritsa ntchito Triton kupanga timapulogalamu tolumikiza masamu kudzera mu torch.compile, koma pa ma convolution ambiri imaitanabe cuDNN.